Madisiki pa Nsanja ya Mbewu

Mtovu ukamasungunuka pansonga ya chitsulo chowotcherera umatulutsa kautsi kowonda konunkhira ngati utomoni, ndipo ndikangokamva, ngakhale ndili pakati pa phokoso la pamsika, ndimaona Che Jafali atakhala pakhonde pawo, atawerama pa wailesi yotsegulidwa kumbuyo, magalasi atatsikira kunsonga ya mphuno, tiyi atazizira m'kapu ya chitsulo pambali pa phazi lawo. Nyumba yawo inagundana ndi yathu ku Katete, kuseri kwa masitolo. Anabadwira ku Malawi, anali Msilamu, ndipo ankadya za kukonza mawailesi, mawotchi ndi matochi. Ife tinali Akhristu, amayi ndi ine awiriwiri, pakuti atate anamwalira ndili wamng'ono. Mpanda wa pakati pathu unali ndi kampata komwe mchere, makala amoto ndi nkhani zinkadutsira tsiku lililonse.

Che Jafali anali munthu wosafulumira. Wina akabwera ndi wailesi yakufa, iwo sankayamba ndi kumasula. Ankayamba ndi mafunso: yasiya liti, inagwa kodi, mabatire ndi a liti, ndani anaigwira komaliza. Kenaka ankayesa chinthu chimodzi, n'kumvetsera, n'kulemba m'kabuku kawo ka chikuto chofiira, ndipo akatero m'pamene ankayesa china. Ine ndikathamangira kugwira mawaya awiri nthawi imodzi ankandimenya pang'ono padzanja ndi pensulo.

"Chimodzi chimodzi, Tobiasi. Ukasintha ziwiri, ikalira sudziwa chimene chailiza."

Munali m'zaka zomaliza za chipani chimodzi, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ofesi ina ya zaulimi ya kuboma inalandira kompyuta. Ambiri a ife tinali tisanaionepo. Inabwera pagalimoto kuchokera ku Lusaka pamodzi ndi katoni yaing'ono, momwe munali buku lalikulu la Chingerezi ndi madisiki asanu akuda, opyapyala, ofewa, aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, iliyonse m'kathumba kake ka pepala. M'madisikimo munali pulogalamu yolembera makalata ndi mayina a alimi, ndipo inafunika kulowetsedwa m'kompyutamo isanayambe ntchito. Munthu amene ankayenera kudzachita zimenezi sanabwere. Akulu a ofesiyo, a Zulu, anatopa kudikira, ndipo popeza Che Jafali anawakonzerapo wailesi ya mauthenga, anawaitana.

Che Jafali anawauza zoona, kuti chinthu chotere sanachigwirepo, koma akawapatsa bukulo masiku awiri akaliwerenga. Motero Lachisanu madzulo anabwera kunyumba ndi katoni ija atailowetsa m'kati mwa jekete, mvula ikuwakwapula. Unali mvumbi wa mwezi wa Disembala, wosakata, ndipo malata a nyumba yawo ankadontha ponseponse moti mabeseni anali mbwee pansi. Anatulutsa buku, n'kundiitana pakampata paja.

"Kwanu sikudontha. Kandiikire izi pamalo ouma, zisanyowe. Ndidzazitenga Lolemba m'mawa."

Ndinanyada kuti andituma ine. Katoniyo inali yachinyezi m'mbali, ndipo ine ndinkadziwa malo amodzi okha pakhomo pathu pomwe chinyezi sichinkafika: nsanja ya m'khitchini, pamwamba pa moto, pomwe amayi ankasunga mbewu ya chimanga, nyemba ndi mapira kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Chilichonse chamtengo wapatali chimene tinkafuna kuti chifike chaka chamawa chinkakhala pamenepo. Ndinakwera pamtondo, ndinatulutsa madisikiwo m'katoni kuti aume bwino, ndi kuwayala imodziimodzi pakati pa ngala za chimanga ndi za mapira. Yachitatu inagwera pakati penipeni, pamwamba pa mafuwa.

Masiku awiriwo amayi anasonkha moto wa nkhuni zonyowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, utsi uli tolotolo, wolowa m'maso ndi m'zovala, ndipo ine ndinkadutsa pakhomo pa khitchini mtima uli m'malo, ndikudziona wanzeru. Lamlungu titachoka kutchalitchi ndinakweranso pamtondo paja. Timathumba ta pepala tija tinali titachita chikasu, mwaye uli waa. Madisiki anayi anali ofunda chabe, koma yachitatu inali yotentha, ndipo ngodya yake imodzi inali itapindika ngati tsamba la fodya louma.

Pamenepo ndinadziwa kuti ndalakwa. Izi ndiyenera kuzinena poyera, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinali mwana wosadziwa kanthu. Kuika pansanja kunali kusadziwa. Zimene zinatsatira ndinazichita ndikudziwa. Ndinapukuta mwaye ndi malaya anga, ndinapsinja disikiyo pansi pa Baibulo la amayi mpaka inawongoka, ndinabweza zonse m'katoni mwa dongosolo lake, ndipo Lolemba ndinazipereka ndi manja awiri.

"Zauma bwino?" anafunsa.

"Zauma."

Sukulu inali yotseka, ndipo popeza zilembo zobiriwira za pagalasi la kompyuta zinkawatopetsa maso, anapempha amayi kuti ndipite nawo, ndiziwawerengera zimene makinawo alemba ndi kuzikopera m'kabuku kofiira kaja. Choncho zonse ndinaziona ndili pampando woyandikana nawo.

Disiki yoyamba inalowa, makina anang'ung'udza, n'kupempha yachiwiri. Yachiwiri nayo inapita bwino. A Zulu anali ataima kumbuyo kwathu atapinda manja, ndipo alembi awiri a muofesimo anasiya mataipi awo kudzaonerera. Italowa yachitatu, phokoso linasintha. Munkamveka kukwerekesa, ngati mpeni pa mwala, kenaka zii. Pagalasi panatuluka mzere umodzi. Ndinauwerenga m'Chingerezi: makinawo ankati akulephera kuwerenga disiki, ndipo ankafunsa ngati tisiye kapena tiyesenso.

"Lemba monga momwe zalembedwera, usasiye ngakhale kadontho," anatero Che Jafali. Anadina batani loyesanso. Kukwerekesa komweko, mzere womwewo. Anatulutsa disiki, n'kuyesa kudzutsa pulogalamuyo momwemo, koma makina anayankha kuti chigawo china chikusowa, ndipo anabwerera pa kachizindikiro kawo kophethira.

Tsiku limenelo Che Jafali anakayikira zala zawo. Anafufuta zonse zimene zinalowa, n'kuyambiranso, akutsata buku mzere ndi mzere, ine ndikuwerenga, iwo akudina chilembo chimodzichimodzi ndi chala chamkombaphala. Katatu konse tinafika pa disiki yachitatu ndi kuima pomwepo. Lachiwiri anakayikira magetsi, pakuti mababu a ku Katete ankachita kuphethira mvula ikamagwa. Anayeza ndi kamita kawo, anasintha soketi, anazimitsa ketulo ya muofesi, anadikira mpaka masana magetsi atakhazikika. Sizinathandize. Kenaka anakayikira kabowo kolowetsamo madisiki. Anapempha chilolezo kwa a Zulu, anamasula chivundikiro, ndi kupukuta m'kati ndi thonje lonyika mu sipiriti, mosamala ngati akutsuka diso la khanda.

Mmodzi wa alembi aja, a Mwale, anali ndi pakamwa.

"Mudala, iyi si wailesi ya rumba iyi. Kapena muimenye kumbali, mwina izayamba kuimba."

"Ikakana ndidzayesa zimenezo, bwana Mwale," anayankha Che Jafali osatembenuka. "Koma muyambe ndinu, dzanja lanu ndi lofewa."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Nthawi iliyonse akalemba m'kabuku kuti ichi si chimene chavuta, ndinkaona kuti njira yawo ikuyandikira kwa ine pang'onopang'ono. Ndikanatha kuwadulira masiku onsewo ndi mawu asanu. Pobwerera kunyumba ankandigulira chitumbuwa pamsika, ine n'kumadya.

Lachitatu a Zulu anali atasintha nkhope. Anali ataona chivundikiro chitamasulidwa dzulo lake, ndipo mantha anawagwira.

"Manje imwe a Jafali, nizakamba chani ku Lusaka? Makina yabwera yatsopano, mwaitsegula mimba, lelo siyenda. Ninalakwa kuitana munthu wa mawailesi."

"Ndipatseni mpaka masana, bwana. Chatsala chinthu chimodzi."

Anatenga disiki yachiwiri, analowetsa zala ziwiri pabowo lapakati, n'kuzungulitsa kambale kam'kati. Kanazungulira mofewa. Anatenga yachitatu n'kuchita chimodzimodzi. Kanalimba, kanayenda pang'ono, n'kugwiranso. Anaipendeketsa chakuwindo, akuyang'ana pakampata pomwe kambaleko kamaonekera, ndipo kenaka anachita chinthu chimene sichinalembedwe m'buku lija: anaifikitsa pamphuno. Ananunkhiza kamodzi, nanunkhizanso kathumba kake ka pepala. Ine ndinali nditazolowera fungo limenelo moti sindinkalimva, koma linali la khitchini yathu, la nkhuni zonyowa ndi chimanga chofuchirira.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sikunali kuyang'ana kwaukali, ndipo sikunatenge nthawi. Anadikira pang'ono chabe, monga ankadikirira wailesi akasintha waya. Ine ndinayang'ana m'kabuku.

"Bwana Zulu," anatero, "makina anu ali bwino, palibe chimene chawonongeka m'kati. Vuto ndi disiki iyi. Yapsa ndi kutentha, yapindika. Itanitsani ina yachitatu, zonse zidzayenda."

"Yapsa bwanji? Inabwera yabwino."

"Inali m'manja mwanga kuyambira Lachisanu. Sindinaisunge bwino."

A Zulu analankhula zambiri, zina zokhudza anthu obwera amene amavomera ntchito zimene sazidziwa. Che Jafali anaika zida zawo m'chikwama chimodzichimodzi, anatsazika aliyense muofesimo mpaka a Mwale, ndipo tinatuluka.

Panjira mvula inali itakata, matope akumata kumapazi. Titafika pa mtengo wa mango wa pafupi ndi chigayo, Che Jafali anandifunsa.

"Amayi ako mbewu amasunga pansanja?"

"Inde."

"Ndi pouma pamenepo," anatero. Anayendanso pang'ono. "Pali chimene ukufuna kundiuza, Tobiasi?"

Ndinati palibe. Anagwedeza mutu, ndipo tsiku limenelonso anandigulira chitumbuwa.

Patapita milungu ingapo kunabwera mnyamata wa tayi kuchokera ku Chipata ndi madisiki ena. Sanamasule kanthu, sanasinthe kanthu, ndipo pulogalamu inadzuka tiyi wa m'mawa asanathe, monga momwe Che Jafali ananenera. Koma za kunena kwawoko palibe anazikumbukira. Imene inayenda m'masitolo ndi pamsika inali nkhani ya a Mwale, yakuti mkulu wa mawailesi anapha kompyuta ya boma, mwana wa sukulu wa ku Chipata n'kudzaiukitsa. Ofesi ija sinawaitanenso. Aphunzitsi ndi apolisi, amene ankabwera ndi mawailesi akuluakulu a makaseti, anayamba kuwatumiza ku Chipata pabasi. Pakhonde paja panatsala matochi ndi mawotchi a anthu akumudzi. Sindinganene kuti ndi chifukwa chokhacho chimene anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Vubwi patapita zaka ziwiri, pakuti ndi maso omwe anali atayamba kufooka, koma sindinganenenso kuti sichinali chifukwa. Kwa amayi sananene kanthu, ndipo kwa ine sanasinthe ngakhale pang'ono. Tsiku losamuka ndinawanyamulira katundu mpaka palole, koma sindinaulule. Anamwalirira komweko ine ndili ku sekondale.

Munthu mmodzi yekha amene ndinamuuza anali mkazi wanga Esinati, titakhala m'banja zaka zingapo. Sanandinyoze, komanso sanandipepese. Anati kwa Mulungu ndinapepesa kale, iye akudziwa, koma dzina la munthu linawonongekera pagulu, ndipo sindingalikonzere kuchipinda. Ndinavomera kuti akunena zoona, n'kupitiriza kukhala chete.

Esinati anatisiya chaka chatha. Tsiku lomuika m'manda, masana, titakhala amuna pansi pa tenti kudikira bokosi, foni ya mkulu wina inakana kuyaka, ndipo mdzukulu wake anali kuitokosa. Mkulu winanso, mmodzi wa amene ankagulitsa m'masitolo kale, anati, "Samala iwe, ungachite za Jafali wopha kompyuta." Achikulire anaseka chapansipansi, monga amasekera anthu pamaliro. Anyamata anaseka nawo osadziwa n'komwe kuti Jafali anali ndani.

Ndinamva mawu anga akutuluka. Ndinati Che Jafali sanaphe kanthu, disikiyo ndinaiwotcha ndine pansanja ya amayi anga, ndipo iwo anadziwa, nanditchinga. Wina anandigwira paphewa nati, "Zakale izo, a Banda, musadzivute lero." Anaganiza kuti ndi chisoni chikundilankhulitsa, ndipo nkhani inapita kwina.

Kumpingo amati ndine munthu wodekha, chifukwa mlandu wa munthu ukabwera pa bwalo la akulu ndimakhala womaliza kulankhula, ndipo kawirikawiri ndimapempha kuti timufunsenso kachiwiri. Amayesa ndi nzeru. Ine ndimangodziwa kuti munthu akhoza kufunsidwa mwachifundo, pamalo opanda mboni, n'kuyankhabe kuti palibe, ndipo ndilibe mphamvu yomuponyera mwala. Koma kudekha kwangako Che Jafali sikuwabwezera kanthu. Chimene ndingathe ndi ichi chokha, ndipo ndachedwa nacho zaka zoposa makumi atatu: aliyense wa ku Katete amene anamvapo nthabwala ija adziwe kuti mkuluyo anagwira makina amene anali asanawaonepo, sanawononge kalikonse, ndipo tsiku lachitatu anapeza vuto lenileni. Atalipeza anaona kuti ndi mwana wa mnansi wawo, ndipo analisenza okha.