Timagetsi ta m'buti

Mpaka lero bambo a mwana wanga amadziwa kuti timagetsi tili m'buti mwa galimoto yathu ndinatiika chifukwa cha bizinesi. Ndi zomwe ndinawauza, ndipo iwo akamafotokozera anzawo pa siteji amanena zomwezo. Si zoona. Ndinatiika chifukwa butiyo ndinkaiopa, ndipo sindinauzepo munthu.

Galimoto yathu ndi yaing'ono, ya mipando yakumbuyo yopinda. Masiku ambiri amuna anga amanyamulira anthu pakati pa Chonde ndi pa Boma. Tsiku la msika wa pa Thuchila timapita tonse, amaiimika m'mbali, ine n'kutsegula buti n'kuyala kaunjika wa ana. Nthawi ndikunenayi mwana wathu wamkazi anali asanayambe kukhala pansi. Dzuwa likakula ndinkamugoneka m'buti momwemo, pachitenje, kuseri kwa mulu wa timadiresi. Munali mthunzi, komanso ndinkamuona uku ndikugulitsa.

Khomo loyandikana ndi lathu kumakhala mayi wina wa msinkhu wanga. Tinali oyembekezera nthawi imodzi, tinachira mwezi umodzi, kusikelo tinkapitira limodzi. Wake anali wamwamuna. Anadwala chifuwa, anamugoneka kuchipatala pa Boma, sanabwereko wamoyo. Pamdadada pathu galimoto ndi yathu yokha, ndiye panalibe zofunsana. Amuna anga anapinda mipando, kabokosi kanalowa m'buti. Ine kuchipatalako sindinapite. Ndinangoona buti ikutsegulidwa pakhomo pa mnzangayo, manja a azibambo akulowa mumdima muja n'kutuluka ndi kabokosi.

Maliro atatha, amuna anga anatsuka galimoto yonse ndi sopo, kapeti ya m'buti anaiyanika pampanda. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku la msika litafika ndinayala zovala monga mwa nthawi zonse. Mwana atagona ndinamumasula kumsana kuti ndimuike pamalo pake, koma manja anakana. Kababu ka m'butimo kanapsa kalekale, tisanagule n'komwe galimotoyo, ndipo kapeti yake ndi yakuda. Pakona paja ndinali ndisanaonepo kuti pali mdima chotero. Ndinamuberekanso, ndipo anaswera kumsana mpaka kuweruka. Msika wotsatira chimodzimodzi. Msana unkandipweteka, mwana ankatuluka thukuta n'kumalira, makasitomala ena ankati, "Mugonekeni mwanayo mayi, malo si awo?" Ndinkayankha kuti wazolowera kumsana.

Ine si munthu wokhulupirira zambiri. Ndili ndi satifiketi ya zamagetsi, ngakhale ntchito yake sindinaipezepo, ndipo ndinkadziwa kuti mnyamata uja anamwalira ndi chifuwa, osati ndi kapeti. Kudziwako sikunandithandize. Ndinayamba kumaika chala pamphuno pa mwana wanga akagona, ngakhale masana, ngakhale tili m'tchalitchi.

Inali nyengo ya chiperoni, phiri losaoneka tsiku lonse. Ndinawauza amuna anga kuti kukachita mdima chonchi anthu saona bwino mitundu ya zovala, amatenga diresi ya buluu kuyesa yakuda. Anavomera mosavuta.

Timagetsito ndinakagula pa Chonde, m'shopu yogulitsa zipangizo za njinga zamoto. Ndi tija ta LED, tokhala pakalamba kopyapyala, kumbuyo kwake kuli zomatira, timene a kabaza amazengereza njinga zawo.

"Tothwanimathwanima kapena tongoyaka?" anafunsa mwini shopu.

"Tongoyaka. Toyera."

"Aaa, asisi, toyera ndi ta mufiliji. Tengani iti, tofiira, tobiriwira, anthu aziti bawa yafika."

"Ndimagulitsa zovala za ana, achimwene, osati mowa."

Anafufuza pansi pa kauntala n'kupeza mpukutu umodzi woyera. Ndinagulanso waya, tepi yakuda, ndi kafyuzi ka buluu pamodzi ndi kanyumba kake.

Ndinagwira ntchitoyo Lamulungu masana titachoka kutchalitchi. Amuna anga anakhala pakhonde atanyamula mwana.

"Lero satifiketi ija yatuluka m'sutikesi," anatero. "Koma amake mwana, mukawotcha galimotoyi, mawa muzibereka anthu kumsana mpaka pa Boma."

"Inu gwirani mwanayo, asadye waya."

Ndinayamba ndi kupukuta m'mphepete mwa buti ndi sipiriti, chifukwa pafumbi zomatira sizigwira. Ndinayeza ndi ulusi kuchokera kona ina, kukwera m'mwamba, kukatsikira kona inayo. Kalamba kameneka sudula paliponse. Kali ndi malo ake, pamene pali timadontho ta kopa, ukadula pena mbali imodzi siyaka. Moto ndinautenga pa mawaya a kababu kakale kaja, kuti timagetsi tiziyaka buti ikatsegulidwa n'kuzima ikatsekedwa, tisamalize batire. Pawaya wofiira ndinaikapo fyuzi, kanyumba kake ndinakabisa kuseri kwa kapeti, pamalo poti dzanja lifikepo.

Nditalumikiza, sitinayake.

"Fizi ya kusukulu ija inangopita," anatero amuna anga, akuuza mwana.

Ndinali nditasemphanitsa mawaya. Nditawatembenuza, buti yonse inayera, mpaka ndinaona njere za mpunga ndi kabatani zimene zinabisala m'kona. Kuti nditsimikize ngati tikuzima, ndinaika foni m'kati ikujambula, n'kutseka. Tinazimadi. M'makona zomatira zinkafuna kumatuka, ndiye ndinawonjezera guluu.

Msika wotsatira ndinamugoneka mwana m'buti. Manja sanakane. Sindingafotokoze bwino chifukwa chake, koma mumtima mwanga buti zinakhala ngati ziwiri: yamdima ija inanyamula kabokosi, ndi yowalayi, ya mwana wanga. Anagona bwino, timagetsi tikuwala pamwamba pake. Chala chija pamphuno ndinayamba kuiwala. Anthu ankaima kudzaona magetsi, ena n'kugula. Bodza langa la bizinesi linakhala loona pang'ono.

Mvula itayamba, amuna anga analandira foni m'mawa wina tikumwa tiyi. Kunali maliro a mwana kunyumba za ku esiteti, mayi ake ndi wothyola tiyi, amapemphera limodzi ndi mnzanga woyandikana naye uja.

"Akuti akupempha galimoto ya magetsi ija," anatero.

"Magalimoto atha pa Chonde?"

"Atchula yathu. Amake mwana, zamaliro sitikana, mukudziwa."

Ndinkadziwa. Ukakana lero, tsiku lako anthu amadzakumbukira. 

Iwo atapita kukasamba, ndinatuluka, ndinatsegula buti, ndinalowetsa dzanja kuseri kwa kapeti n'kuzula kafyuzi kaja. Timagetsi tinazima. Kafyuziko ndinakamanga pa nsonga ya chitenje changa. Maganizo anga anali akuti kabokosi kapite m'buti yamdima monga kale, ikabwerako ndibwezeretse fyuzi, yowalayo ikhalebe ya mwana wanga. Ndinkayembekezeranso kuti anthu akaona kuti ndi galimoto wamba, asiya kuitchula.

Posakhalitsa anafika mnzanga uja, atavala duku, atanyamula chitenje chatsopano choti ayale pansi pa bokosi. Chimwalirireni mwana wake tinkangopatsana moni. Wanga ndinkamubisa kumsana ndikakumana naye, ndipo iye sankamuyang'ana. Anatsegula buti yekha, n'kuima.

"Magetsi aja bwanji, achemwali?"

"Kaya. Mwina afa."

Amuna anga anafika akumanga malaya, anagogoda pa kalamba kaja ndi chala. "Zinthu za kabaza izi. Palibe kanthu, tiyeni, n'masana ano."

Mnzangayo sanasunthe. Anali akuyang'anabe m'kona muja.

"Ndine ndinawauza za galimotoyi," anatero, motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti wawoyo sapita mumdima ngati wanga."

 Mwana wanga anali kumsana, akukoka duku langa.

"Taimani ndione," ndinatero.

Ndinawerama n'kulowetsa mutu m'buti, ndinawapatsa msana onse awiri. Mfundo ya pachitenje ndinali nditaimanga kwambiri, moti ndinachita kumasula ndi mano. Ndinabwezera fyuzi. Tinayaka.

"Mwaona? Sukulu imeneyo," anatero amuna anga.

Mnzangayo anayala chitenje chake bwinobwino, anawongola makwinya m'makona monse, n'kukakhala kutsogolo. Ngati anaona zomwe ndinachita ndi mano, sananene. Asananyamuke anatulutsa dzanja pawindo n'kugwira phazi la mwana wanga.

"Wakula," anatero.

Galimoto itabwerako, amuna anga anaitsukanso ndi sopo. Tsiku la msika ndinatsegula buti, timagetsi tinayaka monga mwa masiku onse, ndipo manja anakananso. Ndinabwereka mkeka ndi ambulera, mwana ndinkamugoneka pansi, pambali pa tayala, mpaka pamene anayamba kuyenda. M'butimo sanagonemonso. Chala chija chinabwerera pamphuno pake kwa miyezi ingapo, kenako chinasiya chokha.

Galimotoyo yapitanso ku maliro ena a ana kuchokera nthawi imeneyo. Anthu amaitchula ndithu kuti ya magetsi. Fyuzi sindinaizulenso. Kona imodzi inamatuka ndi kutentha kwa mwezi wa Okotobala, ndipo ndinaimatanso ndekha, wina asanandiuze.

Amayi anzanga mukuwerenga izi, makamaka inu muli ndi wakhanda kumsana: malo aja ndinawakonzera mwana wanga, ndipo ndinawapereka kwa mwana wa munthu amene sindimudziwa ngakhale nkhope. Wanga anagona pansi nyengo yonse ya mvula. Mukanakhala inu, mfundo ija mukanaimasula?