Amene Ankalowetsa Ulusi M'singano

Mayi amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali ambiri tinkawadziwa ndi dzina la kuntchito, Mayi Choko. Sukulu anailekeza panjira bambo awo atamwalira, ndipo kusoka anaphunzira poika zigamba pa malaya a alongo awo. Misa ya m'mawa sankaiphonya kuyambira ali mtsikana.

Atakula analowa ntchito pa fakitale yosoka mayunifolomu a sukulu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali pa makina ngati anzawo, ndipo nkhomaliro ankadyera nawo pa benchi ya kuseri, mbale zikuyenda m'manja. Kenako kapitawo anawaika pa tebulo la pakhomo kuti aziona misoko. Chovala chosokedwa molakwika ankachilemba ndi choko n'kuchibweza kwa mwini wake.

Sabata isanathe, pa benchi panalibenso malo awo. Palibe amene anawathamangitsa. Akafika nkhani inkangozima, ndipo pamene ankakhala paja pankapezeka chikwama. Wa makina achisanu, mnzawo wa ponda apa m'pondepo, ankati akawaona, "Bisani mbale anzanga, angazilembe choko."

Mwana wawo wamkazi akuti tsiku lina anawapeza akusamba m'manja misozi ili m'masaya. Anawafunsa kuti bwanji osangolola misoko ingapo idutse kuti anzawo awalandirenso. Iwo anati, "Mwanawe, malayawo akavala mwana wa munthu. Akang'ambika m'kalasi, wosekedwa si ine." Anawonjezera kuti mawu sankawapweteka kwenikweni, chowawa chinali chakuti palibe ankawapempha ngakhale mchere.

Choncho anayamba kudyera okha m'chipinda chosokeramo. M'mawa pankasokedwa malaya oyera, masana masiketi obiriwira, motero ulusi unkayenera kusinthidwa. Akatha kudya ankazungulira makina onse makumi awiri, kusintha ulusi, kuulowetsa m'singano, n'kumupempherera mwini makinawo Tikuoneni Maria mmodzi. Pa makina achisanu ankasamala kwambiri, chifukwa anali ataona kuti maso a mnzawoyo ayamba kufooka, ndipo kapitawo akanadziwa akanamuchotsa ntchito ana ake asanamalize sukulu. Osoka ankathokoza makaniko wa pafakitalepo poganiza kuti ndiye ankasintha ulusiwo, iye osakana.

Zinatero kwa zaka khumi ndi chimodzi. Choko sanachisiye, ndipo pa benchi sanaitanidwe. Mayi Choko atapuma ntchito, Lolemba lotsatira osoka anabwerako kokadya n'kupeza ulusi woyera udakali m'singano. Wa makina achisanu anayesa kanayi, analephera, anangokhala manja ali pamiyendo. Makaniko atafunsidwa anaulula kuti anali Mayi Choko.

Sitinganene kuti panachitika chipepeso, pakuti sitinachimve. Chimene tikudziwa n'chakuti Loweruka lake mayi wa makina achisanu uja anadutsa magolosale atatu ndi kapu m'manja mpaka pakhomo pa Mayi Choko. Anaima pamenepo n'kunena kuti, "Anzanga, mchere wanga watha." Anamuthirira wodzaza, n'kumupatsa mpando.

Mu ukalamba wawo ankasoka nsalu za paguwa ndi kuyendera odwala, atamugwira dzanja mnzawo wa makina achisanu uja. Anamwalira m'mawa, atalandira Ukaristia, kolona ili m'manja.

Chovala chowaikira m'manda chinasokedwa ndi anzawo a kufakitale aja. Atamaliza, wa makina achisanu, amene tsopano saona, anachitembenuza n'kuyendetsa chala pa msoko. Pakhosi anaima, anati amasule asokenso. Anamasula.

Mzimu wawo uuse mumtendere.