Mchere m'Pani ya Soseji

Chaka chatha, ndili mu giredi 10, amayi anapita ku Kitwe kukadwazika agogo. Anati akakhala milungu iwiri, koma anakhala miyezi itatu. M'fulati yathu ya ku Kabwata tinatsala awiri, ine ndi adadi, ndipo khitchini inakhala yanga.

Kuphika sikunkandivuta. Chimene chinkandivuta ndi lamulo limene azakhali, alongo awo a adadi okhala ku Chelstone, anandipatsa nditangotha msinkhu. Ananditsekera m'chipinda chawo Loweruka lathunthu n'kundiuza zambiri. Zina ndinaiwala, koma ichi anachibwereza katatu: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, mwamuna wodya ndiwozo amadwala mdulo. Chifuwa chimamugwira, miyendo imatupa, amaonda mpaka kutha. "Ukawadula atate ako, udzatsala ndi ndani?" anandifunsa, chala chili pamphumi panga.

Amayi ali pakhomo zinali zosavuta. Masiku oterowo ndinkaphika, iwo n'kudutsa pasitovu, n'kuthira mchere osanena kanthu. Kusukulu aphunzitsi a bayoloje anatijambulira zonse pabolodi, ndipo palibe pamene mchere unalowapo. Ndinalemba m'kope langa lobisa kuti za azakhali n'zachikale. Komabe mtima sunavomere zimene dzanja linalemba.

Amayi atachoka, masiku anga anayamba Lolemba lina. Adadi anali atayamba kale kutsokomola, kachifuwa kouma kamene ankati n'ka fumbi, popeza amagwira ntchito m'sitolo ya simenti ndi penti m'tauni. Tsiku lonse m'kalasi sindinamve kanthu. Ndikaphika osathira mchere, adadi adziwa pa kulawa koyamba, chifukwa anakulira kumudzi ku Katete ndipo amadziwa chimene ndiwo zozizira zimatanthauza. Manyazi amenewo sindikanawapirira. Ndikaitana amayi a fulati yapansi kuti andithirire, pofika mawa masitepe onse adziwa. Ndikathira ndekha, nanga chifuwa chija?

Nzeru inandifikira pobwerera, ndikudutsa pabutchala ya pafupi ndi msika. Soseji imabwera ndi mchere wake. Anathira ndi munthu wina, osati ine.

"Shani, mwana wa sukulu?" anatero mayi wa pabutchala. "Soseji pa Mande? Kuli phwando ku nyumba?"

"Iyayi, ba mayo. Ni ya ba dadi chabe."

"Ba dadi bako bali na mwayi. Bana banga baziba chabe kudya."

Sabata imeneyo malaiti ankathima 6 koloko madzulo, ndipo sitovu yathu ili ndi mbale yophikirapo imodzi yokha yogwira. Choncho zonse zinayenera kulowa m'pani imodzi, mofulumira. Ndinadula soseji tizidutswa tating'onoting'ono kuti mchere wake ufalikire, n'kukazinga mpaka mafuta ake atatuluka. Ndinaikamo mbatatesi zodula mopyapyala, n'kuvindikira ndi mbale yachitsulo. Zitafewa ndinawonjezera anyezi, matimati, tsabola wobiriwira, ndipo pomaliza kabichi wambiri. Ndinatakasa, kulawa, kutakasanso. Mchere unamveka, ngakhale unali patali pang'ono.

Adadi anayang'ana m'mbale nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani, mayi? Ndiwo kapena ngozi ya pamsewu?"

"Lawani kaye, adadi."

Anadya zonse, n'kupukuta mbale ndi buledi. Lachiwiri ndinaphikanso chimodzimodzi, koma ndi repu ndi impwa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Soseji futi? Kapena watsegula butchala osandiuza?" Ndinagona ndikudzitama kuti ndapeza njira yodutsa pakati pa azakhali ndi aphunzitsi.

Lachitatu ndinachedwa kusukulu, ndipo m'mawa mwake tinali ndi mayeso a kemisitiri. Ndinayedzamiritsa kope pa fulasiki, maso ali pa manotsi, manja akuphika okha. Soseji, mbatatesi, anyezi, kabichi. Dzanja langa lamanja linalowa m'kachitini ka majarini kamene timasungiramo mchere, linatapa, n'kuwaza. Ndi mmene ndakhala ndikuchitira kuyambira ndili ndi zaka khumi. Ndinazindikira nditaona timiyala toyera tikusungunuka pamwamba pa kabichi.

Ndinatenga supuni n'kuyamba kuwola pamwambapo, koma nthunzi inali itaulowetsa kale. Ndili chiimire, kagetsi kofiira ka sitovu kanathima. Malasha analibe m'nyumba, mbaula ili yozizira pakhonde. Chotsala chinali theka la buledi wa dzana. Kenako ndinamva chifuwa cha adadi pamasitepe, chikukwera pang'onopang'ono, chikuima pa nsanjika iliyonse.

Ndinadziuza kuti aphunzitsi a bayoloje anaphunzira kuyunivesite. Ndinadziuza kuti ndife Akhristu. Ndinadziuza kuti ku Kabulonga, kwa olemera, kuli anthu ambirimbiri amene sanamvepo za mdulo ndipo ndi onenepa. Ndinapakula, n'kuika mbale patebulo pafupi ndi zenera, pamene kuwala kunali kudakalipo. Adadi anavula nsapato, anasamba m'manja, n'kupemphera pemphero lawo lalifupi la anthu anjala. Kolala ya shati yawo inali itawakulira. Sindinali nditazionapo kale zimenezo.

Atangotenga foloko, ndinakoka mbale ija.

"Ah ah! Mayi, bwanji?"

"Musadye."

"Mwagwera mphemvu?"

"Ndathira mchere."

"Nanga ndiwo sathira mch..." Mawu anathera pakamwa. Anayang'ana mbale, anayang'ana pani imene inali pasitovu, ndipo ndinaona akuwerengera m'mutu masiku atatu a soseji. Sanandiyang'ane. Nanenso ndinangoti maso pa nsalu ya patebulo, makutu akutentha, misozi ikugwera pa yunifolomu.

Ndinkafuna kuti aseke. Ndinkafuna anene kuti zimenezo ndi nkhambakamwa za alongo awo. Koma sanaseke. Chala chawo chinkagogoda m'mphepete mwa tebulo. Panja kondakitala wa minibasi ankakuwa, "Tauni! Tauni!"

"Azakhali ako ndi amene anakuuza?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye masiku onsewa wakhala ukuvutika wekha."

Anatambasula dzanja n'kubweza mbale ija kutsogolo kwawo. Anabaya chidutswa cha soseji ndi kabichi. Anatafuna pang'onopang'ono ngati munthu wofufuza mwala mu mpunga, n'kumeza.

"Lero ndiye zakoma," anatero. "Zadzulo zinali zozizira, ndinangokusungira ulemu. Khala pansi, idya."

Anadya theka lokha. Mawu awo anali a nthabwala, koma nkhope inali ya munthu wowoloka msewu wa Kafue magalimoto akuthamanga. Ndinadziwa kuti nawonso ankaopa, ndipo anadya chifukwa cha ine.

Mayeso a kemisitiri ndinalephera. Milungu iwiri yotsatira ndinakhala mlonda wa chifuwa cha adadi. Akatsokomola m'bafa, ndinkasiya kusita. Akakhala pampando, ndinkayang'ana akakolo awo ngati atupa. Anayamba kutuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira, ndipo lamba anamuboola bowo lina ndi msomali. Amayi akaimba foni ndinkati zonse zili bwino. Kawiri ndinayamba kuwauza, koma n'kusintha nkhani.

Pomaliza abwana awo ndiwo anawakakamiza kupita kuchipatala. Anapereka makhololo, ndipo tsiku lokamva zotsatira ndinajomba kusukulu n'kuwaperekeza. Anawapeza ndi TB. Namwino, mayi wamkulu wa magalasi, anati ndi tizilombo timene timayenda mumpweya, ndipo kwa adadi tinali titakhala miyezi ingapo. Ndinamufunsa kuti miyezi ingati. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti sangadziwe ndendende, koma si za dzulo kapena za mwezi uno. Anati mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi ndipo akamwa mokhulupirika achira. Nanenso anandiyeza, sanandipeze ndi kanthu. Potuluka ndinamva kupepuka, koma osati thupi lonse.

Lamlungu lotsatira azakhali anatsika minibasi ya ku Chelstone ali ndi chikwama cha malalanje ndi nsawawa. Anapemphera mokweza, analira pang'ono, n'kukhala pafupi ndi mlongo wawo. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsegula, ndikudula anyezi.

"Achimwene, mwatha thupi. Za achipatala tamva, koma ifenso tili ndi maso. Mlamu kulibe miyezi yonseyi. Akukuphikirani ndani?"

"Mwana wanu."

"Masiku onse?"

"Masiku onse."

"Iwe, tabwera kuno," azakhali anandiitana.

Ndinalowa mpeni udakali m'manja, n'kugwada pafupi ndi khomo. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaondo.

"Zimene ndinakuuza zija ukuzisunga? Usandinamize, atate ako ndi awa ukuwaona."

Ndinali nditatsegula kale milomo kuti ndiulule, chifukwa bodza pamaso pa azakhali sindinalikwanitsepo. Koma adadi anatsokomola, n'kuyankha ndisanatulutse mawu.

"Musiyeni mwana. M'nyumba muno mchere ndimathira ndekha."

"Inu? Kuyambira liti munalowa kukhitchini?"

"Kuyambira pamene mkazi wanga anakwera basi. Mufuna ndikuonetseni kachitini kake? Kali pamwamba pa firiji."

Kachitini kanali pawindo, koma azakhali sanapite kukaona. Anandiyang'ananso, anayang'ana mlongo wawo, n'kuusa moyo. Kenako anatsegula chikwama n'kuyamba kusenda lalanje.

"Pita ukamalize kuphika," anatero adadi. "Ukafika pothira, undiitane."

Ndinabwerera kukhitchini. Tsiku limenelo sindinali kumwezi, ndipo mwina adadi sankadziwa zimenezo. Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa ndinawaitana. Anabwera akukoka masilipasi, atagwira khoma, n'kutapa mchere wochuluka kuposa woyenera. Sindinawaletse. Tonse atatu tinadya ndiwo zowawa mchere, tikumwa madzi kapu ndi kapu, ndipo palibe amene anadandaula.