Zimene Zinatsala Papepala la Mayi Dikirani

Achemwali anga aakulu anthu amawatchula kuti Mayi Dikirani, ndipo dzinalo anadzipalira okha. Amakonza makompyuta m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mabuku. Ukabwera ndi pulogalamu yoti akuikire, ngakhale utakhala pachangu chotani, yankho ndi lomwelo: dikirani. Ine mlongo wawo weniweni anandidikiritsapo masiku awiri chifukwa cha kapulogalamu komvera nyimbo, mpaka ndinatuluka ndikung'ung'udza.

Pakona pa chipindacho pali kompyuta yakale yosalumikizidwa ku intaneti, imene iwo amaitcha khola. Pulogalamu iliyonse yachilendo imayamba yalowa mmenemo. Asanaiyatse amasunga chithunzi cha mmene zonse zilili, kenako amaisiya kuti ichite zofuna zake, iwo ali phee kuyang'ana. Ikamaliza amasindikiza papepala zonse zimene yasintha: mafayilo amene yapanga, amene yafufuta, amene yagwiragwira mobisa. Akatero amadina batani limodzi, khola nkubwerera mmene linalili, zonse zimene zinalowamo nkufufutika. Achita zimenezi zaka khumi ndi zisanu, moti chala chawo chinazolowera kudina chokha.

Chitsiriza wa m'nyumba mwathu anamwalira mwadzidzidzi kutali kumene ankagwira ntchito. Amayi athu alibe foni yomvera mawu ojambulidwa, choncho iye ankawajambulira mauthenga pa laputopu yake, nkumati adzawamvetsera onse akadzabwera. Laputopuyo inafika pamodzi ndi zovala zake, diski yake yosungira mafayilo ikulira kuti kha, kha, kha. Amayi sanafunse za katundu wina aliyense, ankangofuna mawuwo. Achemwali anati diski yodwala chonchi ikhoza kulola kuwerengedwa kamodzi kokha isanaferetu.

Pulogalamu yopulumutsira mafayilo inali yachilendo kwa iwo, ndiye inalowa m'khola monga zonse. Ndinawauza kuti tsiku limodzi lokha asiye mwambo wawowu, koma anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Analumikiza diski ija kukholako, ntchito nkuyamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mafayilo makumi anayi ndi imodzi anatuluka, onse athunthu, ali m'kholamo. Achemwali anavala mahedifoni nkutsegula yoyamba. Sanathe ngakhale mphindi imodzi, anaitseka misozi ikugwera pa kiyibodi. Anasindikiza pepala la zosintha monga mwa masiku onse. Kasitomala wina anagogoda pachitseko, iwo anacheuka, ndipo chala chija chinadina batani.

Anali asanakopere chilichonse kunja kwa khola. Analumikizanso diski ija, inalira kawiri nkukhala chete. Sabata yonse anafufuza m'kompyuta yakaleyo osapeza kanthu. Ine ndinawakalipira ndi mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Ntchito akugwirabe. Batani lija analimata ndi tepi yofiira, ndipo pulogalamu ikamaliza amakhalira dzanja lawo lamanja mpaka atawerenga pepala lonse kawiri. Diski yakufayo ili m'dirowa, yokulungidwa m'kampango. Ndawapezapo masana ataigunditsa kukhutu, pamene onse tikudziwa kuti mulibe chimene chikuyenda.

Tsiku lokauza amayi tinapita tonse awiri. Achemwali anagwada pafupi ndi mpando wawo, nkufotokoza zonse osabisa, kenako anatulutsa pepala lija, poti mayina a mafayilo ndi okhawo amene anatsala. Anawerenga limodzilimodzi: amayi ndafika bwino, amayi kuno kukuzizira, amayi ndalota bambo, amayi ndili ndi nkhani yabwino, amayi musadandaule. Amayi anamvetsera mpaka dzina lomaliza, manja ali pamiyendo.

"Iweyo unamumva?" anafunsa.

"Pang'ono, amayi. Anatsokomola, kenako anaseka. Ndinatseka asanayambe kulankhula."

"Ndiye kuseka kwakeko kuli ndi iwe wekha. Taseka mmene anasekera, ndimve."

Achemwali anayesa, koma kusekako kunakanika. Amayi anati palibe changu, adikira. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo nthawi iliyonse achemwali akalowa pakhomo, amayi amazimitsa wailesi.