Dzanja la Bambo a Tadala

Amuna anga, bambo a Tadala, anatisiya Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Anadya mbatata ndi tiyi, ananyamula khasu, napita kudimba. Sanadandaule ngakhale mutu. Anawapeza atagwa chafufumimba pakati pa matimati. Pofika kuchipatala ku Boma anali atazizira kale. Adokotala anati ndi BP, mtsempha wa m'mutu unaphulika. Ine ndinkamva ngati akunena za munthu wina.

Maliro tinaika Loweruka kwawo cha ku Kapondo, kumene ndakhala pachitengwa chikwatiwire. Tsikulo ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kunali kudzuka, poti pasiwa munthu umangotsamira khoma. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Kunja kunali chisanu cha mu June. Amuna anali atazinga moto, ena atafunda matumba a feteleza. Kuseri kwa nyumba amayi ankasonkha moto wa nyemba, utsi n'kumalowa pazenera.

Ndi nthawi imeneyo pamene alamu anga anandikodola. Iwowa ndi mlongo wawo wamkulu wa malemu, anakwatiwa kutsidya ku Zambia, ndipo anali atafika dzulo lake. Anati tiye ukasambe m'maso. Titafika kubafa anandifumbatitsa kanthu, kansalu kakuda komanga ndi ulusi, kochepa ngati bokosi la machesi.

"Mlamu, asanakhome bokosi uike aka m'dzanja lawo lamanja, utchule dzina chamumtima. Mwezi usanathe, wachita zimenezi awatsatira. Koma kamafuna dzanja la mkazi wake, ine sikangandimvere."

Dzinalo sindinafunse. Mudzi wonse unkalidziwa. Pali bambo wina amene dimba lake linagundana ndi lathu. Sabata yathayo anakangana ndi amuna anga pa za malire, chifukwa cha mzere wa nthochi, ndipo pochoka bamboyo anati, "Uona." Anthu anamva. Tsopano munthu wagwa m'dimba lomwelo.

Ndinalandira kanthuko. Ndinakamanga pamfundo ya chitenje changa, ndipo mtima wanga unavomera.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pansi, ena panjinga. Kunabwera lole ya anzawo a malemu amene ankagulitsa nawo soya kumalire. Adzukulu anabwerako kumanda miyendo ili psuu ndi dothi. Mphepo inkaulutsa makoko a chimanga pabwalo. Aliyense wolowa m'nyumba ankagwada, kundigwira dzanja, n'kutuluka. Nkhope zambiri sindikuzikumbuka.

Koma bambo uja ndinamuona. Anakhala panjerwa kumapeto kwa amuna, chipewa chili m'manja, pambali pake palibe munthu. Mkazi wake ankatunga madzi a ophika, khanda lili kumsana. Ndinaliyang'ana khandalo ndipo ndinanena mumtima kuti nalonso lidziwe kukula popanda bambo. Ine amene ndimaimba kwaya Lamulungu lililonse ndinaganiza zimenezo, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Cha kumasana akulu a mpingo anati achibale atsanzike bokosi lisanakhomedwe. Analowa ana, Tadala atagwira mng'ono wake. Analowa apongozi. Kenako alamu anauza amayi kuti apatuke pang'ono, mwini wake atsanzike bwino. Iwo anaima pakhomo.

Ndinagwada, ndinamasula mfundo ija, ndinafunyulula nsalu mpaka ndinapeza dzanja. Linali lozizira, lolimba. Osambitsa anayesetsa, koma m'zikhadabo munali mutatsalabe dothi lakuda la kudimba.

Dzanja limenelo ndi limene linadula chingwe m'chiuno mwa Tadala. Ali wakhanda anadwala kwambiri, ndipo mayi anga anamumanga mphinjiri mobisa. Bambo ake atazipeza pomusambitsa anatenga lezala, kudula, n'kuponya pamoto. Sanakalipe. Anangoti, "Nyumba ino Mwini wake ndi mmodzi." Anatikweza panjinga kupita kuchipatala, akupemphera njira yonse. Zaka zonse zimene takhala, zoterezi sizinalowenso pakhomo pathu, ngakhale chaka chimene fodya anatipsera m'chigafa anthu n'kumati tikaombeze.

Ndiye ndinadzifunsa kuti munthuyu akupita kukaima pamaso pa Mulungu wake. Akakamuuza kuti tambasula dzanja, mukapezeke chiyani? Ali moyo akanakana. Lero poti sangathe kukana, ine mkazi wake ndimufumbatitse imfa ya munthu?

Mkwiyo sunachoke. Ndinkafunabe kuti wina alire monga ndinkalirira ine. Pemphero lonse linandithawa. Ndinangoti, "Ambuye, ndigwireni dzanja." Ndinagwira zala za amuna anga kanthawi, ndinazibwezera m'nsalu zopanda kanthu, ndipo kanthu kaja ndinakamanganso pachitenje.

Nditatembenuka, maso a alamu anali pamfundopo. Adzukulu analowa ndi hamala.

Za ulaliki ndinamva zochepa. Ulendo wa kumanda unadutsa m'minda yokolola kale, amayi a nkhata patsogolo, bokosi likusinthana mapewa. Fumbi linali tolo, nyimbo ikuyambira kutsogolo n'kumafika kumbuyo mochedwa. Pokhotera kumanda ndinaona bambo uja akulowetsa phewa lake pansi pa bokosi. Amuna ena anayang'anana. Ine amayi awiri anandigwira m'khwapa. Dothi loyamba litagunda bokosi, m'pamene ndinadziwa kuti bambo a Tadala sabweranso kudimba kuja.

Titabwerera kunyumba ndi kusamba m'manja, ndinawatsatira alamu kuseri kwa nkhokwe n'kuwabwezera kanthu kawo.

"Pepani alamu, sindinathe. Mlongo wanu anali munthu wopemphera."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wopemphera? Ndiye pemphero lamuteteza? Mkazi wokana kulipsira mwamuna wake ndiye kuti akudziwapo kanthu."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a adokotala aja. Zaka zonsezi takhala tikudyera mbale imodzi, lero ndasanduka woganiziridwa. Pofika madzulo, achibale ena a malemu anali atasiya kundiyang'ana kumaso.

Dzuwa litapendeka lole inanyamuka, njinga zinatha pabwalo. Kunatsala phulusa, njerwa zokhalira ndi mbale zobwereka. M'nyumba munali zii. Mayi anga aang'ono ndi amayi awiri a kumpingo anatsala kuti agone nane. Jekete la malemu linali pamsomali pomwe analisiya Lachinayi, nsapato zawo za kutchalitchi zili pansi pake. Tadala anandifunsa ngati tipemphere monga ankachitira bambo ake tisanagone. Ndinati yamba ndiwe. Anayamba Atate Wathu, ndipo pofika pa mawu okhululukira amene atilakwira, ine ndinakhala chete. Ana anapitiriza okha.

Alamu sanapondenso pakhomo pano. Ena m'mudzi amandinenabe. Chimene chinapha amuna anga, kupatula zimene ananena adokotala, sindichidziwa, ndipo ndinasiya kuchifufuza. Dimba lija ndikulima ndekha. Bambo uja amakhala tsidya la nthochi, akuthirira zake. M'mawa uliwonse ndisanatsike kudambo ndimapempha Mulungu andigwire dzanja, ndipo ndikafika ndimamupatsa moni bamboyo.