Chimangirizo cha Mayi a Mapasa

Mayi a mapasa anatha zaka makumi awiri akuchapa ndi kusita nsalu za pabedi m'chipatala. Sukulu anaisiyira panjira mimba itaoneka. Mapasawo atakula n'kuchoka pakhomo, anakalembetsa sukulu ya masana, komwe ankakhala desiki imodzi ndi ana oti akanatha kuwabereka.

Aphunzitsi a Chingelezi anapereka chimangirizo: kufananitsa alakatuli awiri akale a kutsidya kwa nyanja, aja ankalemba za mapiri, maluwa ndi za mumtima. Mayiwa anangokopera m'buku. Pepala linabwerera lili psuu, pansi patalembedwa kuti alembenso m'mawu awoawo.

Lamlungu masana anapita kwa alamu awo, mphunzitsi wopuma amene maso anali atayamba kuchita mdima. Anawapeza pakhonde akumvera wailesi.

"Alamu, tandisinthireni mawuwa. Mutu wanga wauma."

"Tandiwerengereni."

Anawerenga mopunthwapunthwa. Asanafike pakati, alamuwo anakweza dzanja.

"Amenewo si inu. Mukumveka ngati munthu wovala jekete yobwereka. Pindani pepalalo. Anthu awiriwa akusiyana pati?"

"Ndikanadziwa bwenzi nditabwera?"

Mayiwa anavula nsapato n'kuyamba kusisita akakolo otupa.

"Mlakatuli winayu anakalamba, anali ndi nthawi," anatero mayiwa pambuyo pake. "Munthu akamatandala kumapiri kuona maluwa, ndiye kuti wina akumuchapira kunyumba. Mnzakeyu ankatsokomola magazi. Mapilo a anthu otere ndimawadziwa, ndimawanyika padera. Munthu woteroyo akamva mbalame ikuimba sailola idutse, amadziwa kuti masiku amuthera."

"Lembani zimenezo."

"Za mapilo? Andiseka."

"Akuseke ndani? Chingelezi ndikuthandizani. Mapilowo ine sindinawaonepo."

Mayiwa anang'ung'udza m'mtima. Ankayembekeza kusiya pepala, kukagona pang'ono, n'kudzalitenga litakonzedwa. M'malo mwake anakhala pakhondepo maola atatu, iwo akunena, alamu akuwongola, iwo akulemba. Zala zozolowera simbi zinkauma pa cholembera. Kawiri konse anafuna kuling'amba pepalalo.

Chimangirizocho chinabwerera ndi theka la malikisi. Aphunzitsi anadandaula za masipelo, koma anachonga kawiri pambali pa ndime ya wodwalayo. Mayiwa anachiwerengera m'basi ataimirira, dzanja lina litagwira chitsulo, msana ukuwawa. Analipinda pepalalo n'kuliika m'chikwama. Mawa lake kunali mayeso a masamu, ndipo buku lake anali asanalitsegule.