Kholo la mtengo wa mapeyala

Atelala okalamba a moyang'anizana ndi sukulu sataya madzi otsukira mbale. "Madzi sakalamba," amatero, akunyamula chigubu kukathirira mitengo imene ana ndi makolo anabzala. Pa mtengo wa mapeyala, kuseri kwa kalasi, amachedwapo. Anaubzala limodzi ndi mwana wawo wamkazi, amene anapita kunja kukagwira ntchito. Patha zaka zisanu ndi zitatu akungomumva pafoni.

Tsiku lina mphunzitsi wamkulu watsopano anawaimitsa pageti.

"Pepani bambo, msonkhano wa lero ndi wa makolo amene ali ndi ana pasukulu pano."

Atelala anaika chigubu pansi, n'kuloza mtengo uja.

"Wanga ndi uyo waima apoyo, aphunzitsi. Mkulu wake anapita kutali. Uyu ndiye anatsala nane."